Mkaidi wa nkhondo ndi wothawa nkhondo

Eric Lomax anali msilikali wa ku Britain. Asilikali a Japan anamugwira mzinda wa Singapore utagonja mu 1942, ndipo anamutengera ku njanji yomwe akaidi ankamanga mokakamizidwa pakati pa Thailand ndi Burma. Alonda atapeza wailesi yobisa mumsasa, anamumenya mpaka kumuthyola mikono yonse iwiri. Nkhondo itatha mu 1945 anabwerera kwawo, koma chidani chinamudya mumtima kwa zaka pafupifupi 50, kufikira pamene anakumana ndi Takashi Nagase, womasulira amene analipo pomwe ankamuzunza. Anamukhululukira, ndipo awiriwa anakhala mabwenzi.

Ku Dowa kulinso anthu otsekeredwa ndi nkhondo, ngakhale ambiri sanagwirepo mfuti. Dzaleka inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu. Mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwawo. Malo a anthu pafupifupi 12,000 lero muli oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda makamaka. Nyumba za zidina zapanikizana, tinjira timangokwana munthu mmodzi, ndipo June akafika, mphepo ya m'mapiri imalowa pansi pa malata osindikiza ndi miyala. Mmenemo ndi mmene Trésor Mpauni, mlakatuli wa ku Congo wodziwika kuti Menes La Plume, anayambitsa Tumaini Festival mu 2014. Amalawi amakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe kukavina ndi anthu amene ena amangowatcha Maburundi, ndi kudya chapati m'nyumba zawo.

Lomax ndi wothawa nkhondo wa ku Dzaleka onse awiri anakana kuti nkhondo iwasankhire adani. Koma katundu wawo ngosiyana kulemera. Mazunzo a Lomax anali oopsa kwambiri, komabe anali ndi tsiku lothera. Ndipo pangano la ku Geneva la 1949 limanena poyera kuti kumenyana kukatha, akaidi amasulidwe. Wa ku Dzaleka alibe tsiku lotero. Malamulo athu amamukhazika mumsasa, ndipo mu 2023 amene anatsegula timagolosale m'matauni anabwezedwa komweko mokakamizidwa. Lomax anadziwa dzina ndi nkhope ya woti amukhululukire. Mayi amene mudzi wake unaotchedwa usiku ku Kivu, m'dziko la Congo, akamupeza kuti woti agwirane naye chanza?

Ine ndimaona kuti ntchito ya ku Dzaleka ndiyo yovuta koposa, chifukwa oichitawo sanamasuke, ndipo ana amene anabadwira mumsasamo tsopano akulera awoawo.