Katemera wa malungo adachedwa, koma wafika

Pa 23 Epulo 2019, dziko la Malawi lidakhala loyamba padziko lonse kuyamba kubaya ana katemera wa malungo kusikelo. Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Katemerayu, wotchedwa RTS,S, akatswiri a kampani ya GSK adayamba kumufufuza mu 1987. Mwana wobadwa chaka chimenecho adali atakhala kale kholo pomwe katemerayo amafika kuchipatala.

N'chifukwa chiyani adachedwa chonchi? Kachilombo ka malungo n'kochenjera. Udzudzu ukaluma, kamathamangira kuchiwindi n'kukabisala, n'kuswana mwakachetechete. Patatha pafupifupi sabata kamakhamukira m'magazi katasintha maonekedwe, ndipo apa mpamene mwana amayamba kutentha thupi, kusanza ndi kuchepa magazi. Chitetezo cha m'thupi chimakhala ngati mlenje wosaka nyama yosintha chikopa pamphambano iliyonse. Choncho ofufuza adasankha kukagwira kachilomboka kasadafike kuchiwindi. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira puloteni yomwe imakuta kachilomboka pa nthawi yochepayo.

Kuyambira 2009 mpaka 2014 katemerayu adayesedwa pa ana pafupifupi 15,000 m'maiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe idali amodzi mwa malo a kafukufukuyo. Zotsatira sizidasangalatse aliyense. Mwa ana obayidwa kanayi, kudwala malungo kudatsika ndi pafupifupi 4 pa 10 paliponse m'zaka zinayi. Poyerekeza ndi katemera wa chikuku, izi n'zochepa ndithu. Koma amene adaonapo wodi ya ana m'nyengo ya dzinja sangapeputse chiwerengero chimenechi. Malungo adapha anthu pafupifupi 597,000 mu 2023, ochuluka mwa iwo ana a mu Africa osakwana zaka zisanu.

Umboni weniweni udachokera kusikelo. Ana oposa 2 miliyoni adalandira katemerayu m'maiko atatu aja, ndipo imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidatsika ndi 13 pa 100 paliponse. Bungwe la WHO lidamuvomereza mu Okutobala 2021. Patatha zaka ziwiri lidavomerezanso wina, R21, wa sukulu ya ukachenjede ya Oxford, yemwe amapangidwa wambiri ndi Serum Institute of India pamtengo wotsikirapo.

Vuto latsala ndi la kunyumba. Mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, kenako kachinayi akamayandikira zaka ziwiri. Ulendo womalizawu ndiwo makolo ambiri amauphonya, poti mwana akayamba kuthamanga pabwalo sikelo imaiwalika, chonsecho mphamvu ya katemera imakhala ikuzilala. Amayi ndi abambo, onani buku la sikelo la mwana wanu. Ngakhale wabayidwa, azigonabe m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi.