Cipinda cimodzi, penti iwili

Kwa ife a m'komboni, pocezela alendo ndi pomwe tigona. Mukalakwitsa mtundu wa penti, mudzakhala nao zaka, cifukwa ndalama ya baketi ina kulibe.

Ine ndimasankha cream. Malaiti akapita, khoma loyela limabweza kuwala kwa kandulo, koma lakuda limameza konse, cipinda n'kuoneka cocepa. Vuto ni yakuti cream siimvana na utsi wa mbaula, kapena manja a ana. Manje pansi, kufika m'ciuno, ndimapaka penti ya mafuta ya brown, yopukuta cabe na kansanza. Pamwamba ni PVA.

Musanakwele basi ya ku Kamwala kukagula, pemphani a landilodi. Ndipo pentani mvula ya Novembala isanayambe, cifukwa pa khoma lonyowa penti imamatuka.