Kufumbata ndi Kusunga: Mawu a Chicheŵa pa Nkhani ya Makompyuta

Msodzi wa ku Nkhunga akanena kuti foni yake "imakumbukira" manambala, liwu limodzi likuphimba ntchito ziŵiri zosiyana.

Transistor imatsegula kapena kutseka njira ya magetsi. Matransistor aŵiri akalumikizidwa kuti imodzi ikatsegula inzake itseke, pamakhala flip-flop, imene Eccles ndi Jordan anaipanga ndi mavalavu mu 1918. Imakhazikika pa 0 kapena pa 1 kufikira itasinthidwa. Mu SRAM, kaŵirikaŵiri matransistor 6 amagwira nambala imodzi yotere, koma magetsi akazima imatayika. Manambala a msodzi uja satayika chifukwa ali mu flash, imene imatsekera magetsi m'kati mwa transistor.

Motero tikupempha okonza mawu kuti ntchito yoyambayo aitche "kufumbata", pakuti dzanja likamasuka chinthu chimagwa, ndipo yachiŵiriyo "kusunga", monga chimanga m'nkhokwe.