Anawerenga Maliro, Anasefa Madzi: Mbiri ya Dipatimenti ya za Umoyo ku Massachusetts

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciriconse cili ndi boma lace ndiponso dipatimenti yace yoyang'anira umoyo wa anthu. Imodzi mwa zakale kwambiri ndi ya cigawo ca Massachusetts, comwe likulu lace ndi mzinda wa Boston. Mbiri yace isonyeza kuti nchito yaikulu ya dipatimenti yotere ndiyo kutsekereza matenda anthu asanafike ku cipatala.

Amene anayambitsa ganizoli sanali dotolo ai. Bambo Lemuel Shattuck anali mphunzitsi, pambuyo pace anakhala wogulitsa mabuku, koma anali munthu wokonda ziwerengero. Iwo anaumirira kuti boma lizilemba ana onse obadwa ndi anthu onse omwalira, pamodzi ndi cimene cawapha. Mu 1850 anapereka lipoti lokhala ndi mfundo 50, ndipo imodzi mwa izo inali yakuti pakhale bungwe la boma loona za umoyo. Aphungu a nyumba ya malamulo analiika pambali lipotilo. Bambo Shattuck anamwalira mu 1859, ndipo bungwelo linadzakhazikitsidwa mu 1869, wapampando wace woyamba ali Dotolo Henry Bowditch.

Mayeso aakulu a bungweli anadzera m'madzi. Mu mtsinje wa Merrimack muli mizinda iwiri ya mafakitale a nsalu: Lowell kumtunda, Lawrence kumunsi. Mizinda yonse iwiri inali kutunga madzi akumwa mu mtsinjewo, ndipo zonyansa za m'zimbudzi za ku Lowell zinali kutayidwa momwemo. Masiku amenewo anthu ambiri anali kukhulupirira kuti madzi oyenda amadziyeretsa okha.

Mu 1887 bungweli linatsegula malo ofufuzira za madzi ndi zonyansa ku Lawrence, motsogozedwa ndi injiniya Hiram Mills. Nthawi yomweyo Mai Ellen Swallow Richards, katswiri wa pa sukulu ya MIT, anapima madzi ocokera m'mitsinje ndi m'nyanja za cigawo conse kuti kudziwike kumene kunali madzi oipa.

Mliri wa taifodi unabuka ku Lowell mu 1890, ndipo patangopita nthawi pang'ono unafika ku Lawrence. Bambo William Sedgwick, katswiri wa tizirombo toyambitsa matenda, anatsata odwalawo ndi kumene anali kutunga madzi, napeza kuti matenda anali kutsika ndi mtsinje. Anthu a ku Lawrence anali kumwa zimene a ku Lowell ataya. Mu 1893 mzinda wa Lawrence unamanga sefa yaikulu ya mcenga yomwe Bambo Mills anakonza. Madzi anali kudutsa pang'onopang'ono mu mcengawo asanalowe m'mipope, ndipo imfa za taifodi zinatsika kwambiri. Umboni wace unapezeka m'mabuku a maliro omwe aja amene Bambo Shattuck anamenyera nkhondo.

Nchito ya za umoyo ikhudzanso ufulu wa munthu. Nthomba itabuka mu 1902, bungwe la umoyo la mzinda wa Cambridge, mogwiritsa nchito lamulo la cigawo, linalamula kuti akulu onse alandire katemera. Mbusa Henning Jacobson anakana, ndipo analipitsidwa madola 5. Mlandu wao unakafika ku Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko lonse, lomwe mu 1905 linagamula kuti boma la cigawo lili ndi mphamvu yolamula katemera pofuna kucinjiriza anthu onse. Cigamulo cimeneci cinachulidwanso m'makhoti pa nthawi ya mliri wa Covid-19.

Bungwe lija la 1869 ndilo lero lichedwa Massachusetts Department of Public Health. Dipatimentiyi isunga kaundula wa obadwa ndi omwalira, ipereka ziphaso kwa zipatala, ili ndi labotale yopimira matenda opatsirana, ndipo ilandira malipoti a matendawo kucokera kwa madotolo. Igwirizana ndi mabungwe a umoyo a m'mizinda ndi m'matauni 351 a m'cigawoco. Kuyang'anira madzi akumwa kunasamutsidwira ku dipatimenti yoona za cilengedwe.

Awerengi aone kuti nchito yotere njovuta kuiyamikira, cifukwa munthu amene sanadwale taifodi sadziwa kuti wapulumutsidwa. Ncifukwa cace lipoti la Bambo Shattuck linagona zaka 19, ndipo sefa ya ku Lawrence inamangidwa anthu ambiri atagona kale kumanda. Akulu amati kupewa kuposa kucira, koma kupewako kufuna ndalama za boma pa nthawi imene mliri usanaoneke.