VOTI YANU NDI MAWU ANU

Anzanga, kumbukirani tsiku limene munasankha komiti ya kalasi yanu ya sukulu ya kwacha. Munatchula mayina, kenaka munakweza manja. Amene anapeza manja ambiri ndiye anakhala wapampando. Akanayamba kudya ndalama za gulu, mukanamuchotsa ndi kuikapo wina.

Dziko nalonso limasankha atsogoleri ake chomwecho. Koma dziko ndi lalikulu, manja sangawerengeke. Tsono m'malo mokweza dzanja, munthu amachonga papepala. Kumeneko ndiye kuvota. Boma losankhidwa ndi anthu, limenenso anthu angathe kulichotsa, ndilo timati boma la demokalase.

Kale sizinali choncho

Pa chisankho cha mu 1961, nthawi ya atsamunda, si munthu aliyense amene ankaloledwa kuvota. Ankayamba ayang'ana chuma chake ndi maphunziro ake. Anthu ambiri a m'midzi anangoonerera.

Dziko lathu linalandira ufulu mu 1964. Mu 1966 lamulo linati m'Malaŵi mukhale chipani chimodzi chokha, cha Malawi Congress Party. Mu 1971 Dr. Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Choncho anthu analibe mwayi wosankha pulezidenti wina, ngakhale akanafuna.

Zinthu zinasintha pa 14 Juni 1993. Tsiku limenelo anthu anafunsidwa funso limodzi: kodi mukufuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri? Chizindikiro cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda. Cha zipani zambiri chinali nyali. Mwa anthu 100 alionse amene anavota, oposa 60 anasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho cha zipani zambiri. A Bakili Muluzi anapambana, ndipo Dr. Banda anavomereza kuti agonja.

Mphamvu ya kapepala

Ena amati, "Voti yanga imodzi ingasinthe chiyani?" Zoonadi, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma taonani zimene mavoti achita akaphatikizana. Amalaŵi achotsa pulezidenti wolamula kanayi konse: Dr. Banda mu 1994, mayi Joyce Banda mu 2014, a Peter Mutharika mu 2020, ndi a Lazarus Chakwera mu 2025. Panalibe nkhondo. Anthu anangoima pamzere ndi kuvota. Onaninso kuti a Mutharika, amene anachotsedwa mu 2020, ndi omwewo anasankhidwanso mu 2025. Mpando si wa munthu. Eni ake ndinu, ndipo mumangoubwereketsa kwa zaka zisanu.

Voti iyeneranso kuwerengedwa moona. Pa chisankho cha mu 2019, mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi Tipp-Ex. Nkhaniyo inapita kukhoti. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu analamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso, ndipo chinachitikadi pa 23 Juni chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo, kuti munthu akhale pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse.

Mumasankha ndani?

Pa chisankho chachikulu mumasankha anthu atatu. Pulezidenti amatsogolera dziko lonse. Phungu amakuimirani ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, kumene amapanga malamulo ndi kuvomereza m'mene ndalama za boma zigwirire ntchito. Khansala amakuimirani ku khonsolo, kumene amakambirana za misika, mijigo ndi misewu ya m'dera lanu. Ndalama zimene anthu atatuwa amayendetsa ndi za msonkho. Inunso mumakhoma msonkhowo mukamagula shuga m'sitolo. Nanga mungasiyire ena kuti akusankhireni wosunga ndalama zanu?

Zoti muchite

Mmalaŵi aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ali ndi ufulu wovota, mwamuna kapena mkazi, wolemera kapena wosauka. Voti ya mlimi ndi yofanana ndi ya nduna. Koma choyamba muyenera kulembetsa pa nthawi imene bungwe loyendetsa zisankho lalengeza. Wosalembetsa savota.

Tsiku lovota lawirirani. Mukalandira pepala, musafulumire. Werengani dzina, onani chithunzi cha munthuyo ndi chizindikiro cha chipani chake. Chongani m'kabokosi kamodzi kokha. Mukachonga pawiri, voti yanu yawonongeka. Mukatero pindani pepalalo ndi kuliponya m'bokosi. Chala chanu amachipaka inki kuti wina asavote kawiri.

Voti ndi yachinsinsi. Mfumu, abusa, amuna anu kapena bwana wanu sangadziwe amene mwamusankha. Mayi wina wa m'kalasi yathu anandiuza kuti kale ankapempha munthu kuti amuthandize kuchonga, ndipo ankabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati anamuchongera poyenera. Chaka chimene anadziwa kuwerenga analowa yekha. Inunso tsopano mungathe kulowa nokha.

Chenjerani ndi mphatso

Nthawi ya kampeni kumabwera ndalama, sopo ndi mchere. Lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa kugawa ndalama pofuna mavoti. Sopo amatha sabata imodzi, koma phungu mukhala naye zaka zisanu. M'malo molandira, funsani mafunso. Kodi munthuyu wachitapo chiyani m'dera lino? Zimene akulonjezazi, ndalama zake zichokera kuti? Lembani malonjezo akewo m'kope lanu, pamodzi ndi tsiku lake. Akadzabweranso kudzapempha voti, mudzatsegule kopelo ndi kumuwerengera.

Musamenyane ndi mnansi wanu chifukwa cha chipani. Chisankho chikatha, mudzatungabe madzi pa mjigo umodzi.

Mafunso oti mukambirane

1. Kodi anthu anafunsidwa funso lanji pa 14 Juni 1993?
2. Tchulani ntchito ya phungu ndi ntchito ya khansala.
3. N'chifukwa chiyani voti imakhala yachinsinsi?
4. Lembani zinthu zitatu zimene mungafunse munthu wofuna voti yanu.