Kukasewera mpira wa m'madzi kunja, tikiti ya m'thumba mwako

Tangoganizani amalume anu aja a zaka 50, a kamimba kotsogola, akupempha tchuthi kuntchito. Sakupita kumudzi kukaona mbewu kapena ku chinkhoswe ayi. Akuti akukwera ndege kupita ku Singapore kukasewera mpira m'dziwe. Palibe wawasankha, palibe akuwalipira, ndipo akakapambana adzabwera ndi mendulo basi, opanda ngakhale tambala. Kwathu kuno abale akadakhalirana pansi n'kufunsana ngati mutu wa amalumewo ukuyenda bwino.

Chonsecho izi n'zimene zidachitika kuyambira kumapeto kwa July mpaka mu August 2025, pomwe abambo ndi amayi ochokera m'maiko osiyanasiyana adasonkhana ku Singapore ku mpikisano wa World Aquatics Masters Championships. Uwu ndi mpikisano wa dziko lonse wa masewero a m'madzi wa anthu wamba, omwe amasewera chifukwa chongokonda, ndipo amodzi mwa masewerowo ndi water polo. Udayamba mu 1986 ku Tokyo, ndipo m'zaka zapitazi wafikako ku Budapest mu 2017, ku Gwangju mu 2019, ku Japan mu 2023 ndi ku Doha mu 2024.

Ine masewerawa ndidawadziwira pafoni, kakanema kena katangotulukira usiku bandulo ili pafupi kutha. Poyamba ndidaona ngati anthu akungosangalala m'madzi ofika m'chiuno. Ayi ndithu. Dziwe lake limakhala lakuya mamita pafupifupi awiri ndipo kuponda pansi n'koletsedwa. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 7 m'madzi, mmodzi mwa iwo ndi goloboyi yemwe amavala chipewa chofiira. Mpira umagwidwa ndi dzanja limodzi, kupatula goloboyiyo, ndipo cholinga n'kuuponya mu golo yoyandama kumapeto kwa dziwe. Zili ngati mwasakaniza ntchemberembaye, mpira wamiyendo ndi kugwetsana, kenaka n'kuchotsa nthaka yopondapo.

Kuti munthu asamire, miyendo imakhala ikupalasa mozungulira osapuma, wina uku wina uku, ndipo ndi kupalasa komweko wosewera amatha kutumphuka mpaka mchombo kuonekera kuti aponye mpira. Zenizeni zimachitikira pansi pa madzi pomwe woyimbira saona bwino: kukokana zovala, kupondana, zigongono m'nthiti. N'chifukwa chake masewero asadayambe oyimbira amayendera zikhadabo za osewera ngati aphunzitsi a ku pulaimale Lolemba m'mawa, ndipo zipewa zawo zimakhala ndi zotchinga makutu.

Masewerawa si a dzana. Adayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1800 ndipo adalowa mu Olympics mu 1900 ku Paris, ngakhale amayi adadikira zaka 100 kuti aloledwe mu 2000 ku Sydney. Akatswiri ake ndi a ku Hungary, omwe timu yawo ya abambo yatenga golide ka 9. Mu 1956 ku Melbourne, patangopita masabata ochepa asilikali a Soviet Union atathana ndi kuukira kwa anthu ku Budapest, maiko awiriwa adakumana m'dziwe. Hungary idapambana 4-0, koma chomwe dziko lidakumbukira ndi Ervin Zádor akutuluka m'madzi magazi ali chuchuchu kumaso atamenyedwa chibakera.

Amalume athu aja sali pamlingo umenewo, koma dziwe ndi lakuya chimodzimodzi. Ku mpikisano wa anthu wamba, water polo imayambira zaka 30, ndipo magulu amakwera ndi zaka zisanuzisanu: 30, 35, 40, mpaka kukafika kwa agogo a imvi. Gulu lomwe timu ilowe limatengera zaka za wosewera wamng'ono kwambiri. Ndiye kuti timu ya madoda a zaka 55 ikangotenga mnyamata mmodzi wa zaka 34 kuti aziwathamangira, yonse imatsikira ku gulu la zaka 30 kukakumana ndi anthu omwe mapapo awo akadali atsopano. Chinanso, pano anthu saimira dziko koma kalabu. Chofunika n'kukhala membala wa kalabu yodziwika ndi bungwe la zosambira la m'dziko lanu, kulembetsa, n'kulipira.

Apa mpomwe pagona nkhani. Ife tikamva zoti timu ikupita kunja, m'mutu mumabwera nkhani yomwe tidaizolowera: kodi boma lapereka ndalama? Nanga kampani yothandiza yapezeka? Osewera alandira ma alawansi awo? Kwa osewera wamba mafunso amenewa kulibe, chifukwa yankho lake ndi limodzi, thumba lako. Tikiti ya ndege, hotela ya sabata yathunthu kapena kuposerapo, ndalama yolembetsera, chakudya, inshuwaransi, zonse ndi iwe. Pamwamba pake pali tchuthi cha chaka chonse chomwe chikuthera m'dziwe, ndiponso apabanja ofunika kuwafotokozera chifukwa chomwe ndalama ya malata ikusandukira ulendo.

Ndipo water polo ili ndi vuto lomwe wothamanga kapena wosambira payekha alibe. Wothamanga akapeza yake ndalama, wapita. Apa mukufunika anthu osachepera 7, ndipo popeza palibe angathe masewero onse osapumira, mukufunikanso olowa m'malo. Aliyense mwa amenewa ali ndi bwana wake, ngongole zake, mwana wake wodwala. Amene adayesapo kukonza ulendo wa kunyanja pa gulu la WhatsApp akudziwa mmene zimathera: tsiku loyamba aliyense ali "ndilipo aise", tsiku lopereka ndalama anthu ayamba kuwerenga mauthenga osayankha. Tsono apa goloboyi akangobwerera m'mbuyo matikiti atagulidwa kale, timu yonse yagwa nayo.

Mukafika, thupi nalo limafuna malipiro ake. Kuchoka ku Johannesburg kupita ku Singapore ndi ulendo wa maola oposa 10 m'ndege, ndipo nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi yathu. Masewero a 8 koloko m'mawa, thupi lako likudziwa kuti ndi 2 koloko usiku. Akatswiri olipidwa amafika masiku angapo mpikisano usadayambe kuti azolowere. Wodzilipirira amawerenga usiku uliwonse wa kuhotela, choncho ambiri amafika mochedwa momwe angathere n'kugwera m'madzi tulo tili m'maso.

Mwina mukuti, ndiye mavuto onsewa n'ngachiyani? Yankho lake ndidalipeza pa zomwe zidaonekera anzathu a ku South Africa, omwe ndi akuluakulu a masewerawa kuno kummwera kwa Africa. Ku Olympics ya Tokyo yomwe idachitika mu 2021, timu yawo ya amayi idakhala yoyamba ya mu Africa kufika pamlingo umenewu, pomwe ya abambo idabwererako koyamba chichokereni 1960. Adakwapulidwa, osanama. Amayi adagonja 29-4 kwa Spain, abambo 21-2 kwa Italy, ndipo palibe idapambanako masewero ngakhale amodzi. Koma tisaiwale kuti ambiri mwa iwo adali ophunzira ndi anthu a pantchito, ozolowera kusonkha okha ndalama zoyendera, akulimbana ndi anthu omwe water polo ndiyo imawadyetsa.

Kenaka mu February 2024, matimu awiriwa ali ndi malo kale ku Olympics ya Paris, akuluakulu oyendetsa masewerowa m'dzikomo adaganiza zosawatumiza potengera mmene adachitira ku mpikisano wa ku Doha. Malo a abambo adapita kwa Romania, a amayi kwa Canada. Anthu omwe adakhala zaka akudzuka m'mamawa kukasambira asadapite kuntchito adaonera Paris pa kanema ngati ine ndi inu.

Ndikaganizira zimenezi ndimawamvetsa amalume a kamimba aja. Iwo ulendo wawo ndi wowawa pathumba, koma ndi wawo. Palibe komiti yomwe ingakhale pansi n'kugamula kuti sakuyenera kupita chifukwa akakagonja achititsa manyazi dziko. Akagonja 20-2 agonja okha, madzulo akadya limodzi ndi omwe adawagonjetsawo, mawa alowanso m'madzi. Ena mwa omwe amakumana nawo m'dziwemo ndi anthu omwe kale adaseweranso m'matimu a maiko awo, ndiye mphunzitsi wa sekondale amapezeka akukokana ndi munthu yemwe ankamuonera pa TV ali mwana. Ndi masewero angati omwe angakupatseni mwayi wotero?

Komatu tisanamizane. Khomo lotseguka kwa aliyense silitanthauza kuti aliyense angalowe. Mukayang'ana matimu omwe amapita ku mipikisano imeneyi, ochuluka ndi a ku Ulaya, America, Australia ndi maiko ena olemera. Ngakhale ku South Africa ndi ku Zimbabwe komwe masewerawa alipo ndithu, mizu yake ili m'sukulu za anthu opata zomwe zili ndi maiwe akuya. Ana a ku Zimbabwe amawoloka Limpopo mu December kukasewera ndi zigawo za ku South Africa, koma amenewo ndi ana omwe makolo awo angakwanitse. Ku South Africa, maiwe abwino adali a azungu okha m'nthawi ya tsankho, ndipo chipsera chake chikuonekabe ukayang'ana nkhope za m'matimu.

Kwa munthu wa pasipoti yathu, phiri limakula kawiri. Mpikisano waukulu wa dziko lonse wa 2027 udzakhala ku Budapest, likulu lenileni la water polo, komwe kuli dziwe lotchuka la Alfréd Hajós pa chilumba cha Margaret pakati pa mtsinje wa Danube. Mnzako wa ku Italy kapena ku Germany angodzakwera sitima. Iwe ufunika viza ya Schengen, yomwe kuyambira June 2024 ndi 90 euro, ndipo akakukana ndalamayo sibwerera. Ufunika inshuwaransi ya zaumoyo ya 30,000 euro, umboni wa kogona, tikiti yobwerera ndi sitetimenti ya kubanki yotsimikizira kuti sukuthawa. Ndiye ukafotokoze bwanji pa kawindo kuti palibe wakutuma, ukungopita kukasewera? Osanenanso za forex, yomwe chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense woyenda akudziwa ululu wake.

Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti madzi tili nawo. Aliyense amene adaimapo pagombe ku Nkhata Bay, ku Senga Bay kapena ku Chembe adawaona ana omwe amatha ola lathunthu akuyandama pakuya, akulimbirana botolo lapulasitiki, opanda wowaphunzitsa. Chinthu chovuta kwambiri mu water polo, kusaopa madzi akuya, iwo adathana nacho ali ndi zaka 6. Ku Lilongwe nako kuli dziwe la pa Kamuzu Institute for Sports lomwe lidamangidwira masewero a achinyamata a Region 5 a 2022. Zida zake si zambiri: mpira, magolo awiri oyandama, zipewa ndi wenzulo. Ndipo ulendo woyamba sukuyenera kukhala wa ku Budapest. Harare ndi Johannesburg kumafika basi, ndipo viza sifunika.

Zaka amawerengera pa 31 December wa chaka cha mpikisano, kutanthauza kuti wobadwa mu 1997 kapena m'mbuyo mwake adzakhala atakwana gulu la zaka 30 mu 2027. Ine sindidzakhala nditakwana, ndiye ndapuma. Komanso, polankhula chilungamo, ndidakulira m'nyumba momwe mayi ankati ukangoyandikira mtsinje ukumana ndi chikoti, moti mpaka lero madzi akafika m'khosi ndimayamba kulapa machimo. Sabata yatha ndidafunsa mtengo wophunzirira kusambira pa dziwe lina mtauni muno. Adandiuza kuti gulu la oyamba kumene limakumana Loweruka m'mawa, ndipo wamkulu kwambiri pagululo ali mu Sitandade 4.