Galimoto Yamagetsi Yotchaja Msanga: Kodi Mwana Wanu Awonjezere Ndalama?

Amayi, ambiri mwa inu muli ndi mwana kapena mdzukulu amene akugwira ntchito ku Britain. Ena ndi anamwino, ena amayenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba, ndipo ntchito yoteroyo popanda galimoto siyendeka. Boma la kumeneko lidalengeza kuti kuyambira 2030 galimoto zatsopano zoyendera petulo kapena dizilo basi sizidzagulitsidwanso. Tsono musadzadabwe mwana akadzakuuzani pa foni kuti akutenga galimoto yamagetsi pa ngongole, ndiponso kuti wogulitsa wamulangiza asankhe ya mavolti 800 chifukwa imatchaja msanga. Ndalama zobweza ngongoleyo mwezi ndi mwezi zidzatuluka m'thumba lomwe lija limatuluka fizi ya adzukulu ndi ndalama ya feteleza. Nchifukwa chake nkofunika kuti nanunso muimvetse nkhaniyi.

Magetsi tiwayerekeze ndi madzi a m'paipi. Mavolti ndi mphamvu yokankha madziwo, pomwe maampu ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza mawati, ndiye kuti liwiro limene batire ikudzazira. Mawati 1,000 ndi kilowati imodzi. Galimoto zambiri zamagetsi, monga Nissan Leaf ndi Tesla Model 3, zili ndi batire ya mavolti pafupifupi 400. Mu 2019 kampani ya Porsche idatulutsa galimoto yotchedwa Taycan ya mavolti 800, ndipo mu 2021 Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6 zidabweretsa luso lomweli pa mtengo wotsikirapo.

Nanga kukweza mavolti kumathandiza chiyani? Amene mumaphikira pa hotipuleti mukudziwa mmene chingwe chimatenthera mpaka kuyamba kununkha pulasitiki. Chimatenthetsa chingwe ndi maampu. Mukawirikiza kawiri mavolti, mphamvu yomweyo imadutsa ndi theka chabe la maampu, ndipo kutentha kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Zingwe za machaja ambiri akuluakulu a m'mbali mwa msewu zimathera pa maampu pafupifupi 500. Pamenepo galimoto ya mavolti 400 imalekera pa makilowati 200, koma ya mavolti 800 ingathe kupitirira. A Hyundai amati Ioniq 5 imachoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'mphindi 18 ikalumikizidwa ku chaja ya makilowati 350. Galimoto zabwino za mavolti 400 zimatenga pafupifupi theka la ola. Chimene mwana wanu akugula, tsono, ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu nthawi iliyonse akaima panjira.

Mphindi 18 zija zilinso ndi malamulo ake. Chaja iyenera kukhala yamphamvu choncho, ndipo si malo onse otchajira amene ali nayo. Pa chaja ya makilowati 50, galimoto yodula ndi yotchipa zimadikira mofanana. Batire iyeneranso kukhala yofunda bwino. M'nyengo yozizira ya ku Britain, batire yozizidwa imalandira magetsi pang'onopang'ono. Ndipo ikadutsa 80 peresenti galimoto iliyonse imachepetsa liwiro yokha pofuna kuteteza batire, monga mmene inu mumatsekera mpope pang'ono ndowa ikatsala pang'ono kudzaza.

Funso loyamba lomufunsa mwana ndi ili: usiku galimotoyo izigona kuti? Ngati ali ndi malo oimika pakhomo pake pomwe angaikepo chaja ya panyumba, imene nthawi zambiri imakhala ya makilowati 7, mavolti 800 sadzamupindulira kanthu masiku ambiri a chaka. Chaja ya panyumba imadzaza galimoto zonse pa liwiro limodzi, mwini wake ali mtulo. Munthu amene amayenda makilomita 50 kapena 60 pa tsiku angathe miyezi osapondako ku chaja ya pamsewu. Kwa iyeyo, kuwonjezera ngongole chifukwa cha mavolti nkutaya ndalama, ndipo ine ndingamuuze choncho mosapita m'mbali.

Komatu ana athu ambiri kumeneko amakhala m'nyumba za lendi, ena m'chipinda chimodzi pa nyumba yosanja, galimoto nkumagona pamsewu. Ameneyo adzadalira machaja a pagulu sabata ndi sabata, ndipo kwa iye kutchaja msanga kuli ndi phindu lenileni, makamaka ngati amathamanga pakati pa odwala awiri atatu nthawi ili yochepa. Chimodzimodzi woyendetsa takisi, kapena amene amayenda maulendo aatali kawirikawiri. Koma asanasangalale awerengere mtengo. Magetsi a pa chaja zachangu ndi odula kwambiri kuposa a panyumba. Ngakhale msonkho wa VAT umasiyana: 20 peresenti pa chaja ya pagulu, 5 peresenti panyumba. Wopanda potchajira pakhomo angapeze kuti ndalama imene ankaganiza kuti apulumutsa posiya petulo yathera pa chaja. Afunse kaye ngati kuntchito kwake kapena mumsewu umene amakhala muli chaja yapang'onopang'ono yotsika mtengo.

Lusoli likuthamanganso kwambiri. Mu Malichi 2025 kampani ya ku China ya BYD idaonetsa galimoto za mavolti 1,000 zimene idati zingalandire magetsi oyendera makilomita 400 m'mphindi zisanu zokha. Wogula lero chifukwa chofuna kukhala ndi yachangu kuposa zonse, ngongole isanathe adzakhala atapitiriridwa kale.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Chaja imodzi ya makilowati 350 imakoka magetsi ofanana ndi maketulo 175 a makilowati awiri atayatsidwa nthawi imodzi. Singalumikizidwe pa waya wa nyumba. Imafuna thiransifoma yakeyake ndi magetsi osadukaduka. Tonse tikukumbukira mmene kudathimira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mwana akafuna kukutumizirani galimoto yamagetsi, kapena banja lanu likafuna kuitanitsa yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, za mavolti 800 ziikeni pambali. Galimotoyo idzatchajidwa pakhomo, pa magetsi a ESCOM a mavolti 230, usiku wonse.

Choyenera kuyang'anitsitsa ndi thanzi la batire. Tengani chitsanzo cha Nissan Leaf, imene idayamba kugulitsidwa mu 2010 ndipo zakale zake zimapezeka zambiri ku Japan. Batire yake ilibe madzi oiziziritsa, choncho kutentha kumaikalambitsa msanga, ndipo kuitchaja mwachangu mobwerezabwereza kumawonjezera kutenthako. Amene muli ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja, ganizirani zimenezi kawiri. Leaf imasonyeza thanzi la batire ndi timizere 12 pa dashibodi. Timizere tikamachepa, ulendo umene galimoto ingayende umafupikanso. Uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha timizereto musanalipire kalikonse. Mufunsenso za chingwe chotchajira, chifukwa cha ku Japan chidapangidwira magetsi a kumeneko a mavolti 100 kapena 200. Munthu wodziwa zamagetsi achione kaye, ndipo akuikireni soketi yakeyake yochokera ku bokosi la magetsi m'malo motchajira pa ekisitenshoni yomwe mumalumikizapo firiji ndi ayironi.